Malita a m'Kope ndi Chibadwa cha Chiweto: Mafunso ndi Mayankho

Mlimi wa ku Mponela kapena ku Malomo akafuna kugula chiweto cha mkaka, kapena kusankha msoti woti akhale mbewu m'khola, amayamba ndi funso limodzi: "Mayi wake amatulutsa malita angati?" Funsoli n'labwino, koma yankho lake lapusitsa anthu ambiri. Malita amene timalemba m'kope ndi osakanikirana. Muli chibadwa cha chiwetocho, muli nyengo, muli msinkhu, muli madeya, muli ngakhale dzanja la wokama. Mwana amatengera chibadwa chokha. Zinazo zimatsala m'khola la mwini wake. Anthu amene anafika patali polekanitsa zimenezi ndi oweta nkhosa za mkaka ku Ulaya, ndipo nzeru zawo zingatithandize kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi.

Nkhosa za mkaka? Kuno ndani amakama nkhosa?

Pafupifupi palibe. Nkhosa zathu za mchira wonona zija timaziwetera nyama ndi ndalama, ndipo n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi mbuzi, zimene m'dziko muno zili mamiliyoni. A Dorper amene anabwera kuchokera ku South Africa nawonso ndi a nyama. Mkaka wogulitsa ku Dowa ndi ku Ntchisi umachokera kwa ng'ombe za Friesian, za Jersey ndi zosakaniza ndi ng'ombe zathu za Malawi Zebu, ndipo umapita kumagulu osonkhanitsa mkaka amene m'chigawo chapakati ali pansi pa bungwe la CREMPA.

Komabe mkaka wa nkhosa zathu unayezedwapo. Mu 1992 katswiri wa ku Bunda, J.W. Banda, pamodzi ndi anzake a ku Germany, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa mkaka wa nkhosa zachikuda, a Dorper ndi zosakaniza, komanso mbuzi zachikuda ndi za Boer. Cholinga chachikulu cha ziwetozo sichinali kukamidwa, koma kudziwa mkaka wake kunali kofunika, poti mwana wa nkhosa amakula ndi bere la make.

Kwina nkhani n'njina. Kummwera kwa France kuli nkhosa za Lacaune, zimene mkaka wake amapangira tchizi cha Roquefort. Ku Spain kuli Manchega, ku Sardinia kuli Sarda, ku Greece kuli Chios, ndipo kumayiko a Aarabu ndi ku Israel kuli Awassi. Nkhosa za Lacaune ndizo chitsanzo chimene aliyense amatchula: m'zaka za m'ma 1960 imodzi inkatulutsa malita osafika 100 pa nyengo yonse yokama, lero m'makola osankhidwa imapitirira 300. Sanachite kuitanitsa mtundu wina wakunja kuti afike pamenepo. Anakweza nkhosa zawo zomwezo, polemba, kukonza zolembedwazo, ndi kusankha nkhosa zamphongo chaka ndi chaka.

"Kukonza" manambala kumeneku si kunama komwe?

Kukanakhala kunama mukanasintha malita kuti mupusitse wogula kapena kuti gulu likulipireni zambiri. Apa ayi. Malita enieni amakhalabe m'kope monga analembedwera. Pambali pake pamabwera nambala yachiwiri, yoyankha funso lina: ziweto zonsezi zikanakhala za msinkhu umodzi, zikanabereka mwezi umodzi, n'kukamidwa masiku ofanana, iti ikanaposa inzake? Mlimi aliyense amadziwa kuti sungaweruze mbewu ya chimanga poyerekeza phesi la kudimba ndi la pamtunda pouma. Kukonza manambala a mkaka n'kuika ziweto zonse pa nthaka imodzi tisanaziweruze.

Nanga zimene zimasokoneza malitawo n'ziti?

Yoyamba, ndipo kuno kwathu ndi yaikulu koposa, ndi mwezi umene chiweto chabereka. Ku Ntchisi msipu wa mu Januwale ndi wa mu Okutobala ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Ng'ombe yobereka mu Disembala imapeza nsenjere zobiriwira pa nthawi imene bere lake likufuna chakudya chambiri. Yobereka mu Ogasiti imafika pachimake pamene m'khola mwatsala mapesi ouma ndi masangwi a mtedza, ngati mwini wake anasunga, ndipo madeya akwera mtengo. Koma musafulumire kunena kuti dzinja ndi labwino kwa chiweto chilichonse. Mbuzi ndi nkhosa zambiri m'midzi yathu zimakhala pa chingwe dzinja lonse kuopa kudya mmera wa eni, zikudya udzu wa pamalo amodzimodzi, pomwenso njoka za m'mimba zachuluka. Zimapeza bwino pambuyo pokolola, zikatayiriridwa m'minda. Ndiye nyengo imodzi yomweyo ikhoza kukweza ng'ombe ya m'khola n'kugwetsa mbuzi ya pa chingwe.

Yachiwiri ndi msinkhu. Msoti wobereka koyamba akukulabe, chakudya chake chimagawikana pakati pa thupi ndi bere, ndipo bere lomwelo silinakhwime. Mkaka umakwera pa ubereki wachiwiri, n'kufika pamwamba cha m'ma ubereki wachitatu kapena wachinayi, kenako umayamba kutsika chiweto chikamakalamba. Mukayerekeza msoti ndi mkota popanda kukonza, nthawi zonse mudzataya msoti, ndipo mwina ndiye anali mbewu yeniyeni.

Kukonza kwake sikovuta. Tiyerekeze kuti m'zolembedwa za gulu lanu misoti yonse pamodzi imapereka pafupifupi malita 70 iliyonse, mikota malita 100. Ndiye kuti mkaka wa msoti aliyense muuchulukitsa ndi 100 n'kugawa ndi 70. Msoti wa malita 77 amakhala pa 110, ndipo waposa mkota wa malita 100 amene m'kope ankaoneka ngati ndiye katswiri.

Yachitatu ndi ya nkhosa ndi mbuzi makamaka: chiwerengero cha ana. Yobereka mapasa imatulutsa mkaka wambiri kuposa yobereka mmodzi. Thupi lake limakonzekeretsa bere mwamphamvu ikadali ndi pakati, ndipo ana awiri akamayamwa pafupipafupi, bere limalimbikira kupanga wina. Mkaka woonjezerawo ndi wa mapasawo, si chizindikiro choti nkhosayo ili ndi magazi a mkaka.

Yachinayi ndi kutalika kwa nthawi yokama. Malita 120 pa masiku 200 ndi malita 100 pa masiku 120 si zofanana, ngakhale 120 ndi wamkulu. N'chifukwa chake mayiko anagwirizana pa muyezo. Ng'ombe amaziwerengera masiku 305. Nkhosa zimauma msanga, ndipo ku Spain a Manchega amawawerengera masiku 120. Palinso zazing'ono, monga kukama kawiri kapena kamodzi pa tsiku, ndi matenda otupitsa bere amene amagwetsa mkaka kwa milungu ingapo. Zonsezi zimafuna kuti wina azilembe pa tsiku limene zachitika.

Ndiye tiziyeza mkaka wa chiweto chilichonse tsiku ndi tsiku? Nthawi yake tiipeza kuti?

Ngakhale ku France sachita zimenezo. Amayeza kamodzi pa mwezi, n'kuwerengera masiku apakatiwo. Bungwe la ICAR, limene limaika malamulo a kalembedwe ka ziweto pa dziko lonse, limavomereza njira yakale yotchedwa ya Fleischmann, imene mwana wa Sitandade 7 akhoza kuichita pa kope.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Nkhosa yayamwitsa masiku 30, kenako mwayamba kuikama. Pa tsiku la 40 chiberekereni yatulutsa malita 1.2, pa tsiku la 70 lita imodzi, pa tsiku la 100 malita 0.6, pa tsiku la 130 malita 0.4, ndipo yauma pa tsiku la 150. Masiku 10 oyambirira muwawerengera pa 1.2, mupeza 12. Pakati pa kuyeza koyamba ndi kwachiwiri mutenga chapakati, 1.1, kuchulukitsa ndi masiku 30, mupeza 33. Gawo lotsatira ndi 0.8 kuchulukitsa ndi 30, ndiye 24. Lotsatiranso 0.5 kuchulukitsa ndi 30, ndiye 15. Masiku 20 omaliza pa 0.4 akupatsani 8. Zonse pamodzi malita 92, mwayeza kanayi kokha.

Oweta nkhosa anachepetsanso ntchitoyo, poti khola limodzi limakhala ndi nkhosa mazanamazana. Ena amayeza m'mawa mwezi uno, madzulo mwezi wamawa. Ena amayeza kukama kumodzi kokha, n'kukonza pogwiritsa ntchito mkaka wonse umene walowa m'thanki tsiku limenelo. Chosayenera n'kungochulukitsa mkaka wa m'mawa ndi 2. Kuchokera madzulo kufika m'mawa nthawi imatalika kuposa kuchokera m'mawa kufika madzulo, choncho wa m'mawa kawirikawiri umachuluka.

Nanga mkaka umene mwana wayamwa, umawerengedwa bwanji?

Apa ndiye pamene pamavuta, ndipo ndi pamene nkhosa zikufanana kwambiri ndi ziweto zathu. Ng'ombe za Holstein ku Ulaya amazilanda mwana atangobadwa, mkaka wonse umalowa m'chidebe. Nkhosa za Lacaune zimayamwitsa pafupifupi mwezi wathunthu zisanayambe kukamidwa, ndipo mwezi umenewo ndi umene mkaka umakhala wambiri. Eni ake anasankha kusanamizira kuti akudziwa za mweziwo. Amawerengera mkaka wa nthawi yokama yokha, n'kulemba tsiku limene mwana anasiyitsidwa, kuti nkhosa yosiyitsa mochedwa isaoneke ngati yaulesi.

Kuno ng'ombe ya Zebu, ngakhale yosakaniza yambiri, siitsitsa mkaka mwana asanaugunde bere. Wokama wina amasiyira thole bere limodzi, wina awiri, wina amakama mpaka kuuma n'kusiya thole likulira. Wachitatuyu ndiye adzakhala ndi malita ambiri m'kope, ndi thole lowonda. Akafukufuku ali ndi njira zawo: kuyeza kulemera kwa mwana asanayamwe ndi atayamwa, kapena kubaya jakisoni wa oxytocin kuti mkaka wonse utsike. Zimenezo ndi za kumalo a kafukufuku ngati Bunda kapena Chitedze. Pamudzi chotheka n'kugwirizana m'gulu kuti pa tsiku loyeza aliyense achite mofanana: mwana agone padera usiku, m'mawa agunde bere pang'ono, mukame, mulembe, mulembenso mawere amene mwamusiyira.

Ng'ombe yanga ku Mvera ikutulutsa malita 12, ya mnzanga ku Kalira 7. Yanga si ndiyo yabwino?

Mwina. Koma mwinanso inuyo ndinu mlimi wabwino kuposa mnzanuyo, zimene ndi ulemu kwa inu osati kwa ng'ombe. Pa zonse zimene zimasiyanitsa malita pakati pa makola, chisamaliro ndicho chimatenga gawo lalikulu. N'chifukwa chake akatswiri sayerekeza chiweto ndi cha kutali. Amachiyerekeza ndi zinzake za khola lomwelo, chaka chomwecho, nyengo yomweyo.

Tibwerere ku nkhosa yathu ya malita 92. Tinene kuti zinzake za m'khola limenelo zili pa 80. Yaposa ndi 12. Kwina kuli nkhosa ya malita 130, koma m'khola mwake zinzake zili pa 140. Imeneyo yatsalira ndi 10, ngakhale ikudya bwino. Wofuna mbewu ayang'ane kaye yoyambayo.

Ngakhale 12 ameneyo si yense wopita kwa mwana. Kafukufuku wa mitundu yambiri ya nkhosa ndi ng'ombe wapeza kuti pa kusiyana kwa mkaka pakati pa ziweto za khola limodzi, pafupifupi magawo 25 mpaka 30 pa 100 ndiwo ochokera ku chibadwa. Pa malita 12 aja, a chibadwa ndi osakwana 4, ndipo mwana amatenga theka lokha kwa mayi, theka lina kwa bambo. Ndiye phindu la m'badwo umodzi ndi lochepa, malita 2 osakwana. Anthu ambiri akamva zimenezi amagwa ulesi. Koma phindu la madeya limatha tsiku limene madeya atha, pamene la chibadwa limakhala, ndipo la m'badwo wotsatira limasanjikizana pamwamba pake. Nkhosa imakhala ndi pakati miyezi 5 yokha ndipo imabereka ikadali yaing'ono, choncho mibadwo imasinthana msanga kuposa ya ng'ombe. A Lacaune anakwera motero, pang'onopang'ono kwa zaka zoposa 50.

Vuto lathu n'lakuti alimi ambiri a mkaka ali ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri. Ng'ombe imodzi ilibe inzake yoiyerekeza nayo. Chotheka n'kutenga mudzi wonse kapena gulu lonse ngati khola limodzi, n'kuwagawa alimi m'magulu monga mwa kadyetsedwe kawo: opereka madeya tsiku lililonse paokha, odalira udzu wokha paokha. Si njira yangwiro, koma iposa kuyerekeza Mvera ndi Kalira mwachimbulimbuli.

Yamphongo siikamidwa. Mumadziwa bwanji kuti ili ndi mkaka m'magazi?

Mumaidziwira kwa ana ake aakazi, kwa make ndi kwa alongo ake. Ndipo yamphongo ndiyo yofunika kwambiri, chifukwa yaikazi imasiya ana owerengeka moyo wake wonse, pamene nkhunzi, tonde kapena nkhosa yamphongo imodzi ikhoza kudzaza mudzi. Ku France makola pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 ndiwo amalemba mwatsatanetsatane. M'makola amenewo amayesa zamphongo zazing'ono pozipatsa ana aakazi m'makola osiyanasiyana kudzera mu umuna wochita kuika, ndipo zopambana zimafalitsidwa kwa alimi ena onse.

Mawu oti "m'makola osiyanasiyana" ndiwo mutu wa nkhani. Nkhunzi imodzi ikakhala ndi ana ku Madisi, ku Nambuma ndi ku Malomo, anawo amakhala ngati mlatho. Mukaona kuti kulikonse akuposa anzawo a khola lomwelo, mwadziwa kuti si madeya a munthu mmodzi. Masamu ogwirizanitsa zonsezi nthawi imodzi, khola, nyengo, msinkhu ndi ubale, anawakonza Charles Henderson wa ku yunivesite ya Cornell ku America, ndipo amatchedwa BLUP. Lero ndi kompyuta imene imawachita. Kuyambira 2015 a Lacaune anawonjezera kuyeza DNA ya ana a nkhosa, kuti adziwe yamphongo yabwino isanakhale n'komwe ndi ana. Koma DNA yomweyo amaimasulira pogwiritsa ntchito zolembedwa za mkaka za zaka zambirimbiri. Popanda kopelo, makina sanena kanthu.

Bwanji osangotenga matebulo okonzeka kale a ku France kapena ku America?

Chifukwa anapangidwa kuchokera ku ziweto zawo, pa msipu wawo. Tebulo la ku Roquefort limadziwa za nkhosa yobereka mu Novembala m'nyengo yozizira, yodyera m'nyumba. Silidziwa za chingwe cha mu Febuluwale ku Chikwatula. Kusiyana kwa msoti ndi mkota nako kumadalira mtundu ndi kadyedwe: msoti wokula ndi njala amatsalira kwambiri kuposa wokula bwino. Kukonza ndi nambala yolakwika n'koipa kuposa kusakonza, chifukwa kumakupatsani chikhulupiriro pa bodza.

N'chimodzimodzinso ndi nambala zolembedwa pa umuna wochokera kunja. Nkhunzi imene ana ake amapambana ku Netherlands siitsimikizira kuti adzapambana pa nsenjere ndi nkhupakupa za ku Dowa. Mizeck Chagunda, Mmalawi amene wagwira ntchito ya ukatswiri wa ziweto ku Scotland ndi ku Germany, anafufuzapo za ng'ombe za Holstein Friesian m'mafamu akuluakulu a m'dziko muno, komanso za chidwi cha alimi ang'onoang'ono pa kulemba mkaka. Mafunso amene ankafunsa zaka za m'ma 2000 akadali amoyo. Ine ndimaona kuti amene angabwere ndi ganizo loitanitsa nkhosa za East Friesian kapena Awassi kuti zidzawetedwe ku Ntchisi ayambe wationetsa kaundula wa ng'ombe zimene zinabwera kale kudzera m'mapulogalamu opatsirana ziweto. Ngati sitikudziwa kuti mwa izo yabwino ndi iti, nkhosa sizidzatiuza zambiri.

Ku gulu la mkaka amalemba kale malita tsiku lililonse. Zimenezo sizikwanira?

Kaundula wa ku gulu ndi wa malipiro. Amalemba dzina la mlimi ndi malita amene afika pa thanki atayezedwa ngati sanathiridwe madzi kapena kusasa. Salemba kuti achokera kwa ng'ombe iti. Mulibe mkaka umene ana amwera tiyi, umene wasanduka chambiko, umene wagulitsidwa kwa mavenda pa njinga, kapena wa madzulo umene sunapite chifukwa msewu unali matope. Tsiku limene magetsi azima mkaka n'kubwezedwa, ng'ombe imaoneka ngati sinatulutse kanthu.

Komabe gululo ndilo malo oyenera kuyambira, chifukwa alimi amakumanapo m'mawa uliwonse ndipo pali mlembi wodziwa kale kusunga buku. Chosowa ndi tsamba lachiwiri, la chiweto osati la mlimi.

Mkaka wochuluka ndi mkaka wabwino n'chimodzi?

Kwa opanga tchizi ayi. Mkaka wa nkhosa uli ndi mafuta pafupifupi magawo 6 mpaka 7 pa 100, pamene wa ng'ombe za Friesian uli pakati pa 3 ndi 4. A Lacaune atasankha malita okhaokha kwa zaka zambiri anaona mkaka ukusungunuka, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anayamba kuwerengeranso mafuta ndi mapuloteni. Kuno timalipidwa pa lita, choncho nkhaniyi ikhoza kudikira.

Mlimi wa ng'ombe imodzi kapena mbuzi 5 ayambire pati mawa?

Pa dzina kapena nambala ya chiweto, yosasintha ngakhale chitagulitsidwa. Kenako tsiku lobadwa, mayi wake, ndi bambo wake. Bamboyu ndiye amasowa m'makope ambiri. Wopereka umuna akabwera, mufunseni dzina kapena nambala ya nkhunzi yolembedwa pa kachubu ka umunawo, mulembe asanakwere njinga yake. Mbuzi zotayirira m'chilimwe zimakweredwa ndi tonde aliyense wa m'mudzi, ndipo pamenepo palibe masamu amene angathandize pokhapokha mudzi utagwirizana kufula atonde osafunika. Zimenezi zachitikapo kale m'dziko muno: m'mapulogalamu osankha mbuzi pamudzi amene akatswiri a ku LUANAR anayambitsa ku Mzimba ndi ku Nsanje m'zaka za m'ma 2010, alimi eni ake ankayeza kulemera kwa ana a mbuzi, kusankha atonde ambewu, ndi kuwasinthanitsa pakati pa magulu kuti tonde asakwere ana ake omwe.

Pambuyo pake mulembe tsiku lililonse limene chabereka ndi ana angati, tsiku limene mwasiyitsa mwana, ndi tsiku limene chauma. Musankhe tsiku limodzi pa mwezi, lofanana kwa gulu lonse, loyeza m'mawa ndi madzulo ndi jagi imodzi yomweyo yokhala ndi mizere, thovu litatsika. Mwezi umene chiweto chadwala mulembe kuti chadwala, musadumphe, ndipo chotulutsa pang'ono muchilembe mofanana ndi chotulutsa zambiri, poti chapakati cha gulu chimene enawo akuyerekezedwa nacho chimachokera kwa zonse. Masamu okonza aja mukhoza kuwasiyira alangizi a ziweto a ku Kasungu ADD kapena ophunzira a ku Bunda, amene chaka chilichonse amafunafuna manambala oti alembere kafukufuku wawo. Kuti apeze kusiyana kwa Disembala ndi Ogasiti, kapena kwa msoti ndi mkota, adzafuna zolembedwa za ziweto mazana angapo, za nyengo zosachepera ziwiri kapena zitatu.